Masiku atatu a ulendo wa pansi pa cisumbu ca Likoma

Ambiri a inu munamva mbiri ya Likoma, koma owerengeka okha ndiwo anapondako phazi. Ifenso a ku Area 23, mu mzinda wa Lilongwe, tinali kungoimva m'makutu, kufikira mwezi wa Okutobala pamene tinanyamuka anthu 9, akulu ndi ana omwe, kukaona cisumbuco ndi maso athu. Tinakwera basi kufika ku Nkhata Bay, ndipo kumeneko tinalowa m'sitima ya Ilala, imene inayamba kuyenda pa nyanja yathu mu 1951. Sitimayo inaima pang'ono pa Chizumulu, cisumbu cinzace cacing'ono, nitifikitsa ku Likoma.

Likoma ndi dziko la Malawi, cinkana madzi onse omzinga ali a Mozambique. Cifukwa cace ndi ici: amisyoni a U.M.C.A., ndiwo Aanglikani, anakhazikika pamenepo mu 1885, ndipo pogawana maiko Azungu anasiya cisumbuco m'manja mwa Angerezi. M'litali mwace ndi makilomita ngati 8 okha. Titamva ici tinaseka. Ife amene tiyenda pansi kucokera kwathu kunka kumsika waukulu wa Lilongwe, ndi amene ana athu akwera kaphiri ka Ngwenya ngati kusewera, tinati m'mtima mwathu: kacisumbu aka tikatha nsima ya masana isanapse.

Tsiku loyamba silinatibvute. Kucokera pa doko la Mbamba tinakwera pang'ono kufika ku Chipyela, kumene kuli chalichi cacikulu ca Petro Woyera. Dzina la malowo licokera pa kupsa, pakuti kale anali kutentherapo anthu owaganizira ufiti, ndipo amisyoni anasankha dala malo a mantha omwewo. Mwala woyamba anauika mu 1903, nadalitsa nyumba yonse mu 1911. Tinaima nthawi yaitali kuyang'ana zipupa zace zamiyala, ndi kulingalira za amuna ndi akazi a pa Likoma amene anasenza miyala yonseyo pamutu, popanda galimoto ngakhale imodzi. M'katimo anatisonyeza mtanda wosemedwa ndi mtengo wa kwa Chitambo, ku Zambia, kumene David Livingstone anamwalira mu 1873.

Tsiku laciwiri ndilo tifuna kuti mulimve bwino. Tinapangana kukwera Macholo, phiri loposa onse pa cisumbupo, koma tinazengereza ndi tiyi ndi nkhani, kotero kuti tinanyamuka 9 koloko itakwana, tili ndi mabotolo awiri okha a madzi. Kumapeto kwa mudzi tinapeza mai wokalamba alikuyanika cinangwa pathanthwe.

"Zikomo, agogo, njira ya kuphiri ndi iti?"

Iwo anayang'ana kumwamba, natiyang'ananso ife, nati: "Njira ndi yomweyo, ana anga, koma dzuwa lakutsogolerani kale. Bwanji mawa? Nanga kamwanako mukatengeranji?"

Tinathokoza mwaulemu, nitipitirira. Tiyenera kubvomera pano kuti amene anakakamiza ulendowo anali akulu, si ana iai.

Njira za ku Likoma sizinalambulidwe cifukwa ca alendo. Ndi tinjira ta eni dziko, ta kumunda ndi kudoko, topita pakati pa miyala ikuluikulu ndi udzu wouma, ndipo tigawikana kawirikawiri popanda cizindikiro. Kawiri tinasokera, nitibwerera. Mitengo ya nkhuni inatha kale, kotero kuti nkhuni zambiri zimadza pa ngalawa kucokera kutsidya. Yotsala ndi milambe, yambirimbiri, ina yoti anthu 6 ogwirana manja sangaizungulire. Inapulumuka nkhwangwa cifukwa thupi lace ndi lofewa, silipatsa moto kapena thabwa. Koma mlambe mwezi wa Okutobala ulibe tsamba, ndipo masana mthunzi wace ungobisala kunsi kwa tsinde.

Tili pafupi kufika pamwamba, madzi anatha. Mtsikana wathu wa zaka 11 anayamba kudandaula mutu, kenaka analeka kuyankha, nagwa pansi. Mai wace anapfuula. Tinaona nyanja kum'mawa, nyanja kumadzulo, madzi obiriwira osatha kuwayesa, koma dontho loika pa lilime la mwana panalibe. Bambo wace anamsenza kutsika naye kufikira pa mtengo wa mango umene tinaupitirira, ndiwo wokha wa masamba m'dera lonselo, ndipo anyamata awiri anathamangira kumudzi. Sipanapite nthawi, tinaona amai atatu alikukwera ndi ndowa pamutu, agogo aja ali pambuyo ndi ndodo yao. Anamthira mwanayo madzi kumutu ndi m'khosi, namkupiza ndi nsalu, ndipo atatsegula maso anammwetsa pang'ono pang'ono madzi osakaniza ndi shuga ndi kamcere. Agogowo sanatikumbutse mau ao ngakhale amodzi. Ici cinatipweteka koposa kutukwana.

Tsiku lacitatu mwanayo anatsala ndi mai wace, ndipo ife otsala tinadzuka tambala woyamba, aliyense ndi botolo lace, nititenga mnyamata wa pamudzipo kutitsogolera. Phiri lomwe lija tinalikwera mosabvuta, mphepo ya m'mawa ilikutiomba. Pamwamba pace dzuwa linatipeza lilikuturuka kuseri kwa mapiri a Mozambique. Mudzi wa Cobue unaoneka pafupi ngati ungauitane, ndi Chizumulu kumadzulo ngati ng'ombe yogona m'madzi. Kutali pa nyanja tinaona mizati yakuda yonga utsi, ndipo wina anati ngalawa yapsa. Mnyamatayo anaseka, nati ndi nkhungu, tizilombo touluka timene timaswa m'madzi. Mphepo ikatikankhira kumtunda amai atigwira ndi malicero, naumba timikate ta ndiwo.

Potsika tinalunjika kumwera, ku mudzi wa Nkhwazi, kupyola minda ya cinangwa ndi madoko a mcenga woyera kumene usipa unali kung'anima pa matandala. Tisanasambe tinafunsa asodzi, monga ayenera kucita mlendo aliyense, pakuti iwo adziwa pamene ng'ona iyendera, ndipo anatiletsa malo a bango ndi madzi odikha, m'mene mukhala nkhono za likodzo. Pofika 10 koloko tinali pansi pa mango, nsapato zili pambali, tilikudya kondowole ndi usipa wootca.

Madzulo ace tinapita kukatsazika agogo aja, titanyamula paketi ya shuga m'malo mwa uja anathera mwana wathu. Analandira ndi manja awiri, naitana mtsikanayo, namgwira pamphumi kuona ngati kutentha kunatha, nampatsa malambe atatu akadye m'sitima.