Tsiku limene yunivesite inabweza mlendo wake

Mu 2016, yunivesite ya Cape Town inauza Flemming Rose kuti asabwerenso. Iyeyu anali mkonzi wa ku Denmark amene nyuzipepala yake, Jyllands-Posten, inasindikiza zojambula za Mneneri Muhammad mu 2005. Anali ataitanidwa kudzayankhula pamwambo wa chaka ndi chaka wokumbukira TB Davie, womwe mutu wake ndi ufulu wa maphunziro. Akuluakulu a yunivesiteyo anaopa kuti kubwera kwake kungabutse ziwawa ndi kugawanitsa anthu.

Kuwawidwa mtima kwa Asilamu ndimakumvetsa, sindikupeputsa ayi. Koma kwa ine yunivesite ndi bwalo: woganiziridwa mlandu amakhala pansi, anthu n'kumufunsa maso ndi maso. Rose akanabwera, ophunzira akanamupanikiza ndi mafunso mpaka thukuta. Mwayi umenewo analandidwa. Apa yunivesite inalakwa.