Nkhono yoyenda chokwawa koma yobaya ngati jakisoni

Inu a Fomu 3, ija ya pressure = force ÷ area mukuikumbukabe? Lero tiipeze pansi pa nyanja yamchere.

M'madzi ozungulira zilumba za Philippines, Indonesia ndi Solomon Islands mumakhala nkhono yotchedwa Conus gloriamaris. Chigoba chake n'chosongoka mbali imodzi ngati fanelo, chamawangamawanga okongola. Inalowa m'mabuku a sayansi mu 1777, ndipo kwa zaka pafupifupi 200 zigoba zake zinali zosowa kwambiri moti anthu achuma ku Ulaya ankazilimbirana. Mu 1969 osambira pansi pa madzi anapeza pomwe zimakhala zambiri kufupi ndi chilumba cha Guadalcanal, mtengo wake n'kugwa.

Ine chomwe chimandisangalatsa si kukongolako ayi, koma kasakidwe kake. Nkhono sithamanga, nanga nyama imaigwira bwanji? Ili ndi timano tosongoka, tamphako m'kati ngati singano ya jakisoni. Imaika dzino limodzi kunsonga kwa kamlomo kake kotalika, n'kulikankha mwamphamvu. Poti nsongayo ndi yaing'ono zedi, force yochepa imapereka pressure yaikulu, ndiye khungu limabooka. Zili ngati msomali: kosongoka kumalowa m'thabwa, kumutu ayi. Kenako ululu umadutsa m'mphako muja.

Ululuwo umalimbana ndi magetsi a m'thupi. Inde, magetsi! Uthenga umayenda m'mitsempha chifukwa ma ion a sodium, potassium ndi calcium amalowa ndi kutuluka pa timakomo tating'onoting'ono. Ululu ukasokoneza timakomoto, dera lija laduka ngati wina wathimitsa switch, ndipo minofu imaleka kugwira ntchito.

Gloriamaris imadya nkhono zinzake. Yoopsa kwambiri kwa munthu ndi m'bale wake Conus geographus, wodya nsomba. Iyi yaphapo anthu, chifukwa minofu yopumira nayo imaima, ndipo mankhwala othetsa ululu wake kulibe. Achipatala amangothandiza wobayidwayo kupuma mpaka ululu utatha mphamvu. Mukadzafika kunyanja yamchere, chigoba chotere osachitola chili ndi mwiniwake m'kati.

Chodabwitsa n'chakuti kutseka timakomo komweku kumathandizanso odwala. Kuchokera ku ululu wa Conus magus, akatswiri anapanga ziconotide, mankhwala omwe amatseka timakomo ta calcium kuti uthenga wa kuwawa usafike ku ubongo. Anavomerezedwa ku America mu 2004, ndipo amaperekedwa m'madzi ozungulira mtsempha waukulu wa mumsana.