Mkute ndi Makombo: Za Chakudya Chotsala m'Mbale mu Mzinda wa Zomba

Mau Oyamba

Pa chikhalidwe chathu pali lamulo limene mwana amaphunzira asanayambe sukulu, ngakhale silidalembedwe paliponse: mlendo waulemu sapukuta mbale. Akadya amasiyako kanthu, kuti eni nyumba adziŵe kuti wakhuta. Palinso lamulo lina lolimba chimodzimodzi, lakuti nsima sitayidwa. Kumudzi malamulo aŵiriŵa sadalimbanepo. Koma m'malo odyera a mu mzinda wa Zomba ndi a pamwamba pa phiri lake, lamulo loyamba tikali kulisunga, pamene lachiŵiri likusweka tsiku ndi tsiku. M'nkhani ino tifuna kuona chimene chasintha, ndi chimene munthu wa chikumbumtima ayenera kuchita.

Chotsala chidali ndi mwini wake

Makolo athu adasiyanitsa mitundu ya chakudya chotsala, ndipo mtundu uliwonse adaupatsa dzina. Mkute ndi nsima yogona, yosungidwa dala kuti idyedwe m'maŵa. Mai ankaivundikira bwino, ndipo kukacha ankaiwotcha pamakala kuti ana adye asanapite kukaŵeta mbuzi kapena kusukulu. Makombo ndi zotsala m'mbale ya munthu amene wadya kale. Nkhoko ndi zimene zimakanirira pansi pa mphika nsima ikaomoledwa. Nazonso zinkakokotedwa ndi kudyedwa. Zimene anthu sakadatha kudya zinkapita kwa nkhuku, agalu ndi nkhumba.

Tikaona ndondomeko imeneyi, tizindikira kuti mlendo wosiya mtanda m'mbale sankataya kanthu. Iye ankadziŵa kuti kuseri kwa nyumba kuli ana amene akudikira kuti mbale zituluke. Kusiya chakudya kudali ulemu kwa mai wophika, komanso kudali kugaŵana ndi aang'ono. Nchifukwa chake munthu wopukuta mbale ankatchedwa wosusuka: cholakwa chake chidali chakuti wadya gawo la mnzake. Pamenepa mpamene padagona nzeru ya mwambowu. Chotsala chilichonse chidali ndi mwini wake wodziŵika.

Mwambo wakale m'malo atsopano

Zomba ndi mzinda umene kudya kunja kwa nyumba kudayamba kalekale. Udali likulu la boma kuyambira m'chaka cha 1891 mpaka 1975, ndipo udasonkhanitsa akalaliki, asilikali, apolisi ndi anthu a milandu, amene ambiri sakadatha kubwerera kunyumba masana. M'chaka cha 1973 Chancellor College idasamukira kuno, nibweretsa ophunzira ndi aphunzitsi. Lero munthu angathe kudya nsima pafupi ndi msika waukulu kapena pokwerera mabasi, kugula tchipisi pa chiwaya m'mbali mwa mseu wa ku Blantyre, kapena kukwera phiri kupita ku Ku Chawe, kumene kumafika alendo ndi anthu a misonkhano.

M'malo oterewa wodya sadziŵa wophika, ndipo wophika sadziŵa wodya. Chimene chimaŵalumikiza ndi ndalama basi. Munthu akasiya theka la nsima m'mbale monga adaphunzirira kwao, palibe mwana wa pakhomo amene akuidikira. Kaŵirikaŵiri woperekera zakudya amaikokolola pamodzi ndi minga za nsomba, mafupa ndi mapepala opukutira m'manja. Mwambo watsala, koma cholinga chake chachoka.

Pali zifukwa zina zitatu zimene zikukulitsa vutoli. Choyamba ndi muyeso: mwini malo odyera amapereka mitanda yofanana kwa aliyense, wanjala ndi wokhuta yemwe, poopa kuti angamveke woumira. Chachiŵiri chimaoneka pa maukwati ndi pa misonkhano pamene aliyense amadzigaŵira yekha. Poti walipira ndi wina, maso amakula kuposa mimba, ndipo mbale imadzazidwa mpunga, nsima, nkhuku ndi nyama nthaŵi imodzi. Chachitatu, chimene chili chozama koposa, ndi manyazi. Ambiri amaopa kupempha kuti aŵakulungire chotsala, kuti anzao angaganize kuti kunyumba kulibe ufa. Mkute, umene udali chizindikiro cha mai wosamala, wasanduka chizindikiro cha umphaŵi. Motero munthu amasiya nkhuku patebulo kuti aoneke bwana, pamene ana ake agonera masamba.

Zimene zili mu mtanda umodzi

Kuti timvetse kukula kwa nkhaniyi, tiyenera kufunsa kuti chimatayika nchiyani mbale ikakhuthulidwa kudzala. Mu mtanda wa nsima muli miyezi ya kulima, kupalira ndi kubandira. Muli feteleza wogulidwa movutikira. Muli chimanga chimene chidapulumuka kwa anankafumbwe. Muli ntchito ya kukonola, kuviika mphale, kuyanika ndi kugaya. Mu mpunga muli thukuta la alimi a ku Likangala ndi ku Domasi. Mu matemba muli usiku wa asodzi a ku Kachulu pa nyanja ya Chilwa, nyanja yosadalirika imene idauma mu 1968 ndi mu 1995, ndipo idaphwanso kwambiri mu 2018. Mbatata ya kachewere ndi zipatso za paphiri zimatsika ndi anthu osenza pamutu. Madzi ophikira achokera ku Mulunguzi, ndipo nkhuni ndi makala zachokera ku mitengo imene ikutha m'mapiri mwathu. Wotaya chakudya ataya zonsezi pamodzi.

Vutoli si la Zomba yekha. M'chaka cha 2011 bungwe la FAO lidaŵerengera kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya chonse cholimidwira anthu pa dziko lapansi limaonongeka kapena kutayidwa, ndiye kuti matani pafupifupi 1.3 biliyoni pa chaka. Lipoti la bungwe la UNEP la 2021 lidapeza kuti mu 2019 chakudya chokwana matani 931 miliyoni chidatayidwa m'makomo, m'malo odyera ndi m'masitolo, ndipo magawo 26 mwa 100 alionse adatayidwa m'malo odyera. Lipotilo lidasonyezanso kuti kutaya chakudya si nthenda ya maiko olemera okha.

Kwa ife Amalaŵi ziŵerengerozi zili ndi nkhope. Akuluakulu a m'Chigawo cha Kumwera adatisiyira mbiri ya njala ya 1949. Ambiri tikukumbuka njala ya 2002, pamene anthu adadya madeya ndi mizu ya nthochi. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy adakokolola minda m'maboma a kumwera, kuphatikizapo Zomba, ndipo mu Malichi 2024 boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 ali pa ngozi chifukwa cha chilala. M'dziko lotere dzala lodzaza nsima liyenera kutidetsa nkhaŵa.

Chimene Malembo Oyera atiphunzitsa

Wina angafunse kuti, kodi Mulungu sadaletse Aisraele kusunga mana mpaka m'maŵa? Zoonadi, pa Eksodo 16 tikumva kuti mana osungidwa adagwa mphutsi. Koma choletsedwa pamenepo chidali kutola mopitirira muyeso chifukwa chosakhulupirira Mulungu. Aliyense adauzidwa kutola molingana ndi kudya kwake, ndipo phunziro limeneli likhudza wodzaza mbale pa phwando koposa mai wosunga mkute.

Buku la Levitiko, mutu 19, lilamula mwini munda kuti asakolole mpaka m'malire, koma asiyire amphaŵi ndi alendo khunkha. Apa tikupeza maganizo ofanana ndi a makolo athu: chotsala chili ndi mwini wake. Rute, atadya ndi kukhuta m'munda wa Bowazi, adasunga chimene chidamtsalira, nakapatsa apongozi ake Naomi madzulo. Wolemba sadaone chochititsa manyazi pa zimenezi. Adaziika pakati pa zizindikiro za kukhulupirika kwa Rute. Pa Yohane 6, Ambuye Yezu atadyetsa anthu zikwi zisanu adalamula ophunzira ao kutola zotsala kuti pasatayike kanthu, ndipo zidadzaza madengu 12. Iye amene akadatha kuchulukitsanso buledi sadalole kuti zidutswa zipondedwe. Pa Luka 16 mlandu wa munthu wachuma uja ndi wakuti Lazaro adagona pa khomo pake akulakalaka nyenyeswa, iye osamuona.

Eklezia amasunga phunziroli pa guwa lansembe penipeni. Wansembe amasonkhanitsa tizidutswa tonse ta Ukaristia mosamala, ndipo chotsala chimasungidwa m'tabernakulo kuti chikafike kwa odwala. Msonkhano wa Vatikani Wachiŵiri udakumbutsa mu 1965 kuti Mulungu adalengera anthu onse chuma cha dziko lapansi. Papa Fransisko, pa 5 Juni 2013 ndiponso m'kalata yake Laudato Si' ya 2015, adafanizira kutaya chakudya ndi kuba pa tebulo la amphaŵi. Choncho kulipira mbale sikupatsa munthu ufulu woononga zimene zili m'mbalemo.

Tichite chiyani tsono?

Sitikunena kuti munthu adzikakamize kudya atakhuta kale, pakuti umenewo ndi ususiku ndithu. Sitikunenanso kuti amphaŵi azipatsidwa makombo ogwiragwira ndi manja. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 udatiphunzitsa kuopsa kwa chakudya chosasamalika, ndiponso munthu wosauka ali ndi ulemu wake. Mpunga ndi nsomba zophika zimaonongeka msanga m'nyengo yotentha, ndipo chakudya chogona chiyenera kutenthetsedwa kwambiri chisanadyedwe.

Njira yake iyamba chakudya chisanafike patebulo. Wodya anene muyeso wake: ngati adziŵa kuti mitanda iŵiri imkwana, asalandire itatu. Ngati yabwera yochuluka, apatule mtanda umene saudya asanaukhudze, kuti ukhale mkute weniweni, osati makombo. Pa phwando atenge pang'ono, nadzabwerezanso ngati afuna. Chimene walipira nichimtsalira, apemphe kuti amkulungire popanda kuŵeramitsa nkhope. Eni malo odyera angathandize pogulitsa mbale yaing'ono pa mtengo wocheperapo, popereka kwa osoŵa chakudya chimene sichidachoke mumphika, ndi popatula makombo kuti apite kwa oŵeta nkhumba kapena akasanduke manyowa. Ifenso a m'maseminale, m'maparishi ndi m'masukulu ogonera konko tiyenera kuyamba ndi miphika yathu, makamaka pa zikondwerero zimene timaphika mopikisana.

Mau Omaliza

Makolo adati kupatsa nkuika. Mlendo wosiya mtanda ankaikiza chakudya mwa mwana amene ankamdziŵa. Mumzinda mwanayo saoneka pafupi ndi tebulo, koma alipo: akugulitsa zipatso m'mbali mwa mseu wokwera phiri, kapena akudikira m'bale wake wodwala kuchipatala. Kusunga mwambo wa makolo lero ndiko kufunsa, tisanaitanitse chakudya ndiponso tisanadzuke patebulo, kuti chotsalachi chipita kwa yani.