Uthenga wodzera pansanja ndi uthenga wopatsirana

Pa siteji ya akabaza pa Namadzi, m'mbali mwa msewu wa M3, ntchito imabwera foni ikalira. Mayi ali ku Magomero ndi thumba la nandolo lofuna kufika kumsika; waimba, mnyamata waliza njinga, wapita. Mawu amenewo amayamba akwera kaye kunsanja ya TNM kapena Airtel ndiye n'kutsikira kwa mwiniwake, ngakhale awiriwo atayandikana motani. Netiweki ikathawa, kapena mayunitsi akatha, ulendo wafa.

Njira ina, imene akatswiri amaitcha mobile ad hoc network, ilibe nsanja. Galimoto kapena njinga iliyonse imanyamula kachipangizo kolandira uthenga n'kuupatsira inzake yapafupi, iyonso n'kupatsira ina, mpaka uthengawo utapeza dalaivala amene alibe katundu. Kafukufuku wake anayambira ku America m'ma 1970 pa ntchito za asilikali, ndipo mu 2010 bungwe la IEEE linavomereza muyeso wa 802.11p woti magalimoto azilankhulana okhaokha. Kunena zoona, madalaivala athu anayamba kale zofananako: wa minibasi yochokera ku Zomba akaphethira mnzake nyali n'kugwedeza dzanja, mnzakeyo wadziwa zimene zili kutsogolo, osalipira ngakhale tambala.

Ubwino wa njira yopanda nsanjayi ndimauona ndikakumbukira Marichi 2023, namondwe Freddy atasakaza Chiradzulu, magetsi atazima ndipo kuimbirana kuli kovuta. Masiku otere uthenga wosadalira nsanja ukanathandiza kuitanira odwala thiransipoti.

Koma kachipangizoko kamafika mamita mazana ochepa chabe. Tsiku la msika, njinga zili piringupiringu, unyolowo ungalumikizane bwino. Nanga usiku, pa msewu wafumbi wolowera kumidzi, pomwe njinga ili imodzi yokha? Uthenga umathera pomwepo, chonsecho ndi pomwe munthu amausowetsetsa. Foni imalumpha dera lonselo kamodzin'kamodzi, ili kale m'thumba la wakabaza, ndipo ndi yomweyo imalandira malipiro pa Mpamba kapena Airtel Money. Zipangizo zinazo n'zogula mwapadera, ndiye phindu lake silioneka pokhapokha ambiri atagula pamodzi.

Kwa wakabaza wa pa Namadzi, foni ndiyo idakali khasu lake. Njira yopatsiranayi ndingaivomereze kwa mwini magalimoto ambiri oyenda msewu umodzi, monga wa Limbe ndi Zomba, kuti ikhale yogwirizira tsiku limene nsanja yazima.