Mwana wophethira mosalekeza: kodi chakudya chingamuthandize?

Ana ena amaphethira pafupipafupi, kugwedeza mutu, kukweza mapewa, kukwinya nkhope kapena kukoka mamina pomwe alibe chimfine, ndipo amachita zimenezi mobwerezabwereza asakufuna. Madokotala amazitcha tic. Kawirikawiri zimayamba mwana ali ndi zaka 4 mpaka 6, zimakula kwambiri pa zaka 10 mpaka 12, kenako kwa ambiri zimazirala akamasinkhuka. Zimagwira anyamata kuposa atsikana. Mwana akakhala ndi tic zingapo za thupi komanso ya mawu kwa nthawi yoposa chaka, vutoli limatchedwa Tourette, dzina la dokotala wa ku France, Georges Gilles de la Tourette, amene analemba za odwala asanu ndi anayi otere mu 1885.

Gwero lake lili mu ubongo, m'zigawo zoyendetsa minofu, ndipo vutoli limayenda m'magazi a kubanja. Si mwano, si ufiti, komanso silibwera chifukwa cha zomwe mayi anaphika. Ana okulirapo amafotokoza kuti amayamba amva kanthu konga kuyabwa, ndipo mtima umakhala pansi akachita tic ija. Akhoza kuigwira kwa kanthawi, monga munthu amagwirira kuyetsemula, koma imadzatulukabe.

Asanagule chilichonse, makolo adziwe kuti tic zimakula ndi kuchepa zokha. Zimatha kuvuta milungu ingapo, n'kuzilala popanda amene wachitapo kanthu. Botolo la mavitamini limagulidwa pamene zinthu zafika poipa, ndiye zikayamba kuchepa monga mwa chikhalidwe chake, ulemu umapita kwa botolo lija. Umboni wambiri wa anthu onena kuti chakuti chinachiritsa mwana wawo umachokera pamenepa. Sakunama ayi, koma sangadziwe kuti zikadayenda bwanji akadapanda kugula.

Pa nkhani ya zakudya, choyamba kuchiyang'ana ndi caffeine, amene amapezeka mu khofi, tiyi, zakumwa za kola ndi zija amati zopatsa mphamvu. Mabanja ambiri amaona tic zikukula mwana akamwa zimenezi, ndipo n'zomveka, chifukwa caffeine amadzutsa ubongo ndi kusokoneza tulo, pomwe kutopa ndi nkhawa n'zimene zimakolezera tic. Kuchepetsa zakumwazi sikulira ndalama ndipo sikuvulaza mwana.

Za mankhwala owonjezera m'thupi, umboni ndi wochepa kuposa mmene otsatsa malonda amanenera. Mafuta a nsomba otchedwa omega-3 anayesedwa ku America pa ana 33, zotsatira zake n'kutuluka mu 2012. Tic zenizenizo sizinachepe kuposa za ana amene anamwa mankhwala ongoyerekezera, ngakhale ena zinkawasowetsa mtendere pang'ono kusiyana ndi kale. Magnesium ndi vitamini B6 amatchulidwa kwambiri pa intaneti, koma anayesedwa pa ana ochepa zedi. Kafukufuku wina anapeza vitamini D kapena ayironi wochepa mwa ana a tic, komabe kupezeka pamodzi kwa zinthu ziwiri sikutanthauza kuti china chinabala chinzake.

Ife osamalira ana odwala timatsata mfundo yakuti chosowa m'thupi chibwezeretsedwe, koma chimene chilipo kale chisawonjezedwe. Ku Malawi kuno kuchepa kwa magazi n'kofala pakati pa ana, chifukwa cha malungo, njoka zam'mimba ndi chakudya chosakwanira. Mwana wotuwa m'zikhatho, wotopa msanga, ayezedwe magazi ndi kulandira chithandizo, kaya tic zichepa kaya ayi. Koma kumumwetsa mapiritsi osayezetsa n'koopsa. Ayironi wochuluka ndi poizoni amene atha kupha mwana wamng'ono, B6 wambiri kwa nthawi yayitali amawononga mitsempha mpaka manja ndi mapazi kuchita dzanzi, ndipo magnesium amatsegula m'mimba.

Zambiri zimene zili m'mabotolo odulawo zili kale pamsika. Usipa ndi matemba zili ndi mafuta a nsomba. Nyemba, nandolo, nsinjiro, bonongwe ndi nkhwani zimapereka magnesium ndi ayironi, nthochi ili ndi B6, ndipo mgaiwa umasunga zomwe ufa woyera umataya pokonola. Tiyi asamwedwe pamodzi ndi chakudya, chifukwa amalepheretsa thupi kuyamwa ayironi. Choipa kwambiri ndi kumuletsa mwana mkaka, buledi, mazira ndi zina zambiri nthawi imodzi pofuna kupeza chimene chikuyambitsa tic. Mwana amene akukula amaonda nazo, ndipo nthawi ya chakudya imasanduka ya mantha, amenenso amawonjezera tic.

Ana ambiri safunikira mankhwala alionse. Tic zikamapweteka kapena kusokoneza sukulu, njira imene bungwe la American Academy of Neurology linaika patsogolo mu 2019 ndi maphunziro otchedwa CBIT, ophunzitsa mwana kuzindikira kuyabwa kuja ndi kuchita china chotsekereza tic mpaka kutadutsa. Mankhwala monga clonidine ndi risperidone alipo, koma ndi a dokotala yekha kupereka.

Si kugwedezeka kulikonse kumene kuli tic. Mwana akamakomoka kapena kungoti duu osayankha, akhoza kukhala ndi khunyu. Akayamba mwadzidzidzi kugwetsa zinthu, kulemba mokhotakhota ndi kupinda thupi ngati akuvina, makamaka atadwalapo zilonda zapakhosi, athamangitsidwe kuchipatala, chifukwa matenda oyambitsa zimenezi amatha kuwononga mtima.

Makolo ndi aphunzitsi, musamukalipire mwanayo kapena kumuuza kuti asiye, ndipo musalole anzake kumuseka. Mugonekeni nthawi yabwino, adye phala asanapite kusukulu, ndipo musanagule botolo lililonse, kaonaneni ndi dokotala.