Kachilombo kopha mitengo ya mthunzi kamayenda m'nkhuni

Anzanga okhala mumsasa muno, ife odzipereka pa ntchito yosamalira mitengo timafunsidwa kawirikawiri chifukwa chimene timapemphera kuti mtengo wouma mosadziwika bwino usagawidwe ngati nkhuni tisanauone. Ena amati ndi nkhanza, poti nkhuni n'zosowa. Ndiyankha pofotokoza zimene zikuchitika ku South Africa.

M'chaka cha 2017, akatswiri anapeza kachilombo kachilendo m'mitengo ya mumzinda wa Pietermaritzburg. Pachingerezi amakatchula kuti polyphagous shot hole borer, ndipo kwawo ndi kumwera chakum'mawa kwa Asia. N'kakang'ono ngati njere ya chitowe, mamilimita awiri basi. Kanafalikira ku Johannesburg, ndipo mu 2019 kanapezeka ku Somerset West, dera la mzinda wa Cape Town.

Kakakazi kamaboola mtengo monga achitira nankafumbwe pa chimanga, koma sikadya thabwa ayi. Kamalowa ndi mtundu wina wa chuku, n'kuudzala m'timabowo kuti ana ake azidya. Chukuyo ndiye amatseka misempha yodutsa madzi, ndipo nthambi zimayamba kuuma imodzi ndi imodzi mpaka mtengo wonse kufa. Kamagwira mitundu yambiri, kuphatikizapo mapeyala. Kamaswananso kwambiri mu nsatsi, zomwe timangozisiya kuseri kwa nyumba.

Pakokha kachilomboka sikauluka mtunda wautali. Ulendo wautali amakayendetsa ndi munthu: pagalimoto, panjinga, pamutu, mkati mwa chikuni chooneka bwinobwino kunja. N'chifukwa chake malangizo a khonsolo ya Cape Town sadalira mankhwala opopera, poti kachilombo kali mkati mwa thunthu mankhwala sakafikira bwino. Malangizowo amalimbana ndi kayendedwe ka nkhuni. Mtengo wogwidwa kwambiri uyenera kudulidwa ndi kuphwanyidwa pamalo pomwepo kukhala tizibenthu ting'onoting'ono. Tizibenthuto amatiika m'matumba a pulasitiki, kumanga kukamwa, n'kuwasiya padzuwa kuti kutentha kuphe tizilombo: masabata osachepera 6 m'nyengo yotentha, mpaka miyezi 6 m'nyengo yozizira. Njira ina ndi kukatentha pamalo ovomerezeka. Zida zodulira ziyenera kutsukidwa zisanakhudze mtengo wina, ndipo nkhuni munthu azigula kufupi ndi kumene akukazikolezera.

Ine ndimaona kuti lamulo la nkhunilo ndi lovuta kwambiri kwa anthu ngati ife. Wa ku Cape Town akhoza kuphika ndi magetsi. Kuno mtengo ukauma, mayi aliyense amaona nsima ya sabata yathunthu. Komabe taganizani: mtolo umodzi ukaunjikidwa patsinde pa mtengo wa pakhomo kudikira tsiku lophikira, tizilombo timatuluka n'kulowa mumtengo wamoyowo. Nkhuni zimatha pa masiku ochepa, pamene mthunzi wokhalapo ana ndi agogo masana a Okutobala umatenga zaka zambiri kuti ubwererenso.

Makina ophwanyira mitengo ife tilibe, koma maso tili nawo. Yang'anani khungwa la mtengo wanu. Zizindikiro zake ndi timabowo tozungulira, tochepa ngati nsonga ya bolopeni, utuchi wosalala patsinde kapena m'ming'alu, madontho onyowa akuda, utomoni wotuluka paliponse, ndipo pa mapeyala pamakhala ufa woyera ngati shuga kuzungulira bowo. Dziwani kuti si bowo lililonse lomwe ndi la kachilomboka. Tili ndi tizilombo tathu takale toboola mitengo yakufa kale, ndiye musathamangire nkhwangwa.

Mukaona zizindikirozi pamtengo wamoyo, musadule nthambi kupita nayo kunyumba kapena kumsika. Uzani mtsogoleri wa dera lanu kapena mmodzi wa ife odzipereka, kuti tikaitane alangizi a zankhalango adzaone. Ngati mwadula kale, siyani nkhunizo pomwepo ndipo muzifunditse pulasitiki mosasiya mpata. Chikwanje, nkhwangwa ndi sowo muzipukute ndi madzi othira Jik musanabwereke mnzanu. Ndipo amene muli ndi abale oyenda ulendo wa ku Joni, auzeni asabwere ndi mbande za mitengo, zikuni kapena matabwa aawisi okhala ndi khungwa.