Ndalama ya sapota imatsata kuwala

Msodzi aliyense wa ku Makawa kapena ku Msaka amadziwa kuti usipa suitanidwa ndi nyambo. Siginala amayatsa nyali m'bwato usiku wa mdima, usipa n'kuunjikana pansi pa kuwalako, kenako chilimira n'kuuzinga. Nyali ikazima, gulu lonse limabalalika, koma silichoka m'nyanja. Ndalama ya munthu wokonda mpira imayenda chimodzimodzi: imathamangira komwe mtima waona kuwala, ngakhale m'thumba muli mopepuka.

Pa 20 Malichi 2020 boma linaletsa misonkhano ya anthu oposa 100 chifukwa cha Covid-19. Ligi ya TNM sinayambe mpaka Novembala, ndipo ya ku England inaima miyezi itatu. Ku Mangochi nkhonya inabwera pawiri: alendo anasiya kufika m'malo ogona a ku Nkopola ndi ku Chembe, komanso achibale a ku Joni, omwe amatumiza ndalama zogwirira mabanja ambiri kuno, anatsekeredwa m'nyumba. Apa mantha ndiwo ankagula zinthu. Mnyamata amene ankasunga ndalama yogulira jezi ya Maule kapena ya Manoma pa kaunjika anayamba wagula ufa, sopo ndi masiki. Ndani akanamudzudzula?

Koma mpira si chakudya cha maso chokha. Munthu amalipira pakhomo pa vidiyo shoo kuti akakhale pa benchi ndi anzake, akakuwe, akanyozane mwachibale. Zimenezo zitasowa, panatsala kusungulumwa, ndipo nako kuli ndi msika wake. Ligi ya ku England itabwerera mu Juni m'mabwalo opanda anthu, ndalama ija inapeza kolowera: mabatire a wailesi, bandulo ya intaneti, ndiponso kubetcha. Kubetchaku n'komwe kumandiwawa mtima, chifukwa amene ganyu yamuthera amayamba kuona tikiti ya 200 kwacha ngati khasu, pamene mwana kunyumba akudikira ndiwo.

Chisangalalo chinadzafika mochedwa. Pa 29 Malichi 2021 Richard Mbulu anagoletsa chigoli chogonjetsa Uganda, Flames n'kupeza malo ku AFCON. Mu Januwale 2022 ku Cameroon, Gabadinho Mhango atamenya chigoli chakutali chija pokumana ndi Morocco, jezi yofiira inasanduka chovala cha aliyense, ngakhale amayi ogulitsa kanyenya omwe sadziwa n'komwe kuti ofusayidi n'chiyani. Matumba anali asanachire, mitengo ya zinthu ikukwera, Morocco inapambana 2-1, koma ogulitsa majezi pamsika anapeza makasitomala amene sankanenerera mtengo.